Mzere wa a Gwedemula

Pa msika wina panali a Gwedemula, mwini chigayo, amene anadziika okha kukhala tcheyamani wamuyaya. Tsiku lina anamva pa wailesi kuti mtsogoleri weniweni amachita kusankhidwa ndi anthu, ndipo mtima unawapweteka. Anaitanitsa Nasibeko wogulitsa tomato.

"Iwe, mawa uyendetse chisankho. Ndikapanda kupambana, benchi yako ija ndiiwotcha."

"Musadandaule, bwana," anatero Nasibeko. "Koma kuti anthu asatinene, tichite monga amachitira azipani. Inu muime kutsogolo, tikumangeni nsalu kumaso, okufunani afole kumbuyo kwanu."

Kutacha, msika wonse unasonkhana. Nasibeko anawamanga chitenje kumaso n'kufunsa mokweza: "Bwana, mukulumbira kuti muzilamulira okhawo amene aime kumbuyo kwanu?"

"Ndalumbira! Aliyense wamva!"

Nasibeko anatenga madeya a kuchigayo kwa a Gwedemula komwe n'kuwathira mzere kumbuyo kwawo. Kenako anatsegula khola la mbuzi zamalonda.

A Gwedemula anamva mgugu, fumbi likuwalowa m'mphuno. Anatukula chifuwa.

"Musakankhane, ana anga! Nonse ndine bambo wanu!"

Nasibeko anamasula chitenje chija. A Gwedemula pocheuka anangoona mbuzi zokhazokha mpaka kumsewu, tonde akutafuna jekete lawo. Anthu onse anali pansi pa mtengo, atagwira nthiti ndi phwete.

Nasibeko anagwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Mwapambana, bwana, palibe wakutsutsani. Boma lanu ndi limenelo. Fulumirani kulilamula, layamba kale kukudyani."