Khoma la Hukam Chand

M'mawa umenewo Hukam Chand anali pakhonde akunola mpeni wodulira mitengo, tiyi amene mkazi wake Kaushalya anamuikira akuzizira pambali. Anthu a m'mudzi wa Kothlu ankati bambo ameneyu amadziwa mitengo yake ya maapozi kuposa mmene amadziwira ana ake, ndipo iye akamva sankakana. Munda wake unali pamtsetse wa phiri. Chipata chake chinkayang'ana kumsewu wa magalimoto, pamene kuseri kwa mundawo kunkadutsa kanjira kakale ka nyulu, kochokera kunkhalango ya mikungudza kumtunda n'kutsetsereka mpaka kumtsinje. Chibwerereni msewu, kanjirako kanamera thengo. Ankadutsamo ndi mbuzi ndi anyani basi.

Asanamwe tiyi uja, panafika alendo awiri. Woyamba anali Durma, mkazi wamasiye wa mkulu wake, amene munda wake unachita malire ndi wa Hukam. Winayo anali mtsikana wa ku ofesi ya zankhalango, dzina lake Nirupama, nsapato zake zili matope okhaokha.

Nirupama anafotokoza mwaulemu. Boma la chigawocho linali litapatula ndalama zotetezera nkhalango ya kumtunda kuti isadulidwe, komanso zokonzera kanjira kakale kaja: kuyalamo miyala, kukumba ngalande, ndi kumanga ulalo pakhwawa. Chimene ankapempha kwa eni minda chinali kamzere ka malo kokwanira nyulu yosenza katundu.

"Mwana wanga, boma ndimalidziwa ine," anatero Hukam osasiya kunola. "Atate anga anapereka malo a msewu atauzidwa kuti ndi kachidutswa chabe. Pamene panali mitengo yawo yokoma kwambiri lero pamaima mabasi. Ndiye mukufuna ndiitane anthu a m'tauni ovala makabudula, azidutsa kuseri kwanga, akuthyola maapozi anga, akujambula mkazi wanga akuchapa?"

"Alamu," anatero Durma, "wojambula Kaushalya ndiye kuti ali ndi maso. Inu musade nkhawa, palibe angaononge foni yake pa nkhope imeneyo."

Kaushalya anabisa kuseka ndi mpango. Hukam sanaseke.

"Inu alamu, chikulowetsereni m'komiti ya mudzi mwayamba kulankhula ngati wailesi."

"Ndinakupezani mamina ali m'mphuno pamene ndinkalowa m'banja lino. Wailesi munaidziwira kuti?"

Nirupama anayesa kunena za chipukuta misozi ndi za ganyu amene anthu a m'mudzi adzapeze, koma zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Hukam anapukuta mpeni pa buluku nati pamalo pake sipadzadutsa phazi la munthu wosamudziwa.

Sanathere pakamwa pokha. Mwezi usanathe anaitana amisiri, namanga khoma la miyala lofika m'mapewa, kutseka kanjira kaja ndi mbali yonse yoyang'ana kwa Durma. Pamwamba pake anamata magalasi a mabotolo osweka.

"Bambo a Pushpa," anatero Kaushalya ataima ndi mbale m'manja, "nanga ine ndikafuna kukapempha mchere kwa alamu ndizidzera pati?"

"Uzizungulira kumsewu. Miyendo uli nayo."

Njira ya boma inatsala pang'ono kufera pamenepo, chifukwa ndalama za boma zikasowa kolowera zimabwerera kumene zachokera. Durma ndiye anaipulumutsa. Anauza Nirupama kuti aikhotetse, idutse m'munda mwake. Kukhotako kunadya mzere wathunthu wa mitengo yobala, ndipo chipukuta misozi chimene analandira sichikanabweza ngakhale zokolola za zaka ziwiri. Mwana wake wamwamuna, amene ankagwira ntchito kutauni, anamuimbira foni akukalipa.

"Amayi, mwapenga kodi? Mitengo anabzala ndi abambo imeneyo!"

"Ndi abambo ako omwewo amene anandikweza nyulu panjira imeneyi tsiku la ukwati wanga," anayankha Durma. "Sindingaione ikufa ndili moyo. Wadya kale?"

Ntchito inayamba. Amuna ndi akazi a ku Kothlu anasenza miyala chilimwe chonse, ngalande zinakumbidwa, ulalo unaima pakhwawa, ndipo nkhalango ya kumtunda inalembedwa kuti ndi ya anthu onse, nkhwangwa isalowemo. Chaka chotsatira oyenda anayamba kufika, ndodo m'manja, zikwama kumsana. Ndipo zimene Hukam ananena sizinali zabodza zokhazokha: ena ankathyoladi maapozi a Durma, ena ankasiya mapepala. Hukam ankakwera pamakwerero ake, n'kusuzumira pamwamba pa khoma.

"Alamu! Alendo anu akhuta?"

"Akhuta. Akungofunsa ngati nyani wa pakhomayo amaluma."

Durma anaika tebulo pakhonde, nayamba kugulitsa tiyi ndi siddu wotentha, buledi wophika ndi nthunzi wothira mafuta a mkaka, ndipo amene wadya siddu wake manyazi ankamugwira kuti athyolenso zipatso. Koma pa zonsezi sanalemere. Hukam ankawerenga malole a maapozi otuluka pachipata chake n'kumauza anzake kuti wochenjera waoneka.

Ndiye kunabwera chaka cha mvula yaikulu, chaka chimene Hukam analonjeza kukwatitsa mwana wake Pushpa akangokolola. Mitengo inali itabala mpaka nthambi kuchita kuzichirikiza ndi mphanda. Mvula inagwa osapuma, nthaka inakhuta, ndipo m'mawa wina phiri linabangula ngati ng'ombe. Anthu atatuluka anapeza msewu kulibe. Unagumuka kumunsi kwa mudzi, unagumukanso pafupi ndi chipata cha Hukam, n'kusiya phompho lofiira pamene malole ankaima. Palibe anafa, koma akatswiri atabwera anapukusa mitu: msewu sudzatheka mpaka chisanu chitadutsa.

Apozi likapsa silidikira munthu. Mudzi wonse unathamangira kukaona njira ya boma ija, mitima ili m'mwamba. Inalipo. Mizu ya mikungudza inagwira phiri la mbali imeneyo, ngalande zinatenga madzi, miyala sinasunthe. Tsiku lomwelo anatumiza uthenga kwa Gulab Din, mwini nyulu wa kuchigwa, amene ntchito yake inali itatsala pang'ono kufa chifukwa cha malole. Anabwera ndi nyulu zake zonse ndi za abale ake, mabelu akulira m'khosi. Pamsonkhano wogawana masiku ogwiritsa ntchito nyuluzo, mayi wina amene ankaseka Durma kuchitsime ndiye anayamba kuimirira.

"Mabokosi a Durma atsogole. Amene akutsutsa anene pano timuone."

Palibe anatsutsa. Anthu anamuthyolera, anamupakira, ndipo maapozi ake anafika kumsewu waukulu wa kumtsinje msika uli ndi njala ya zipatso. Kamzere ka mitengo kamene anataya kanamubwezera munda wonse.

Hukam ankamva mabelu aja akudutsa kuseri kwa khoma lake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kutsogolo kwake kunali phompho, kumbuyo kunali ntchito ya manja ake. Njira inali pafupi moti akanaponya mwala ukanagwerapo, koma pakati panali khoma ndi mizere ingapo ya mitengo ya mlamu wake.

"Bambo a Pushpa, kalankhuleni nawo," anatero Kaushalya.

"Ndikagwade kwa wailesi? Ndili ndi njira zanga."

Njira zakezo zinali makwerero. Anati akweze mabokosi pamwamba pa khoma n'kuwatsitsa ndi chingwe. Bokosi loyamba linatsika. Lachiwiri linamulemera, anagwira pamwamba kuti asagwe, ndipo magalasi ake omwe anamung'amba chikhatho. Bokosi linasweka, maapozi anagubuduzika mpaka kunjira, nyulu ya Gulab Din inatola limodzi n'kumatafuna ikuyenda.

Anakhala pakhonde dzanja lili m'nsanza, akumva zipatso zikugwa zokha, phu, phu, m'udzu. Mavu anadzaza munda. Fungo lowola linalowa mpaka m'nyumba. Pushpa anangopinda nsalu zake za ukwati zimene ankasoka, n'kuzibwezera m'bokosi mwakachetechete, ndipo kukhala chete kumeneko kunamupweteka Hukam kuposa bala la m'dzanja. Anadzuka, napita kukhoma. Asanatsegule pakamwa, mawu a Durma anachokera kuseri.

"Alamu, kukununkha mowa kumeneko. Mwayamba kufulula osatiitana?"

Hukam anaima pamenepo, akuyang'ana miyala. Analankhula motsitsa mawu.

"Alamu, ndinakusekani."

"Munandiseka ndithu. Mudzi wonse unamva, ndi anyani omwe."

"Ndiye ndibwera bwanji lero?"

"Ndiye titani, tiwauze maapozi adikire mpaka mumalize manyazi? Pushpa ndi mwana wanganso, ndinamusambitsa ndine tsiku lobadwa. Mverani. Njirayi si yanga, ndi ya aliyense, ndi inu nomwe. M'munda mwangamu dutsani, mkulu wanu sakanakukanizani. Koma khomali ndi lanu. Ine sindilikhudza."

Hukam analowa m'nyumba, natuluka ndi mgwala wachitsulo. Ndi dzanja limodzi ntchito inkayenda pang'onopang'ono, ndipo mwala woyamba unakana ngati mwini wake. Kaushalya anagwira mgwala kumapeto, anakankha pamodzi, mwala unagwera kwa Durma. Phokosolo linaitana anthu. Anabwera ndi makasu ndi zitsulo, ena mwa iwo anali amene Hukam anawatcha mbuzi za boma pamene ankasenza miyala. Palibe anamukumbutsa, kupatula Gulab Din amene anafika mpata utatseguka, nayeza m'lifupi mwake ndi ndodo.

"Achimwene, onjezerani pang'ono. Nyulu zanga sizinazolowere kudutsa pa khomo la munthu woumira, zingachite mantha."

Anthu anaseka, ndipo Hukam, thukuta lili chuchuchu, anaseka nawo koyamba m'zaka zambiri.

Sanapulumutse zonse. Pafupifupi theka la maapozi linali litawolera pansi, ndipo lotsalalo linafika kumsika mitengo yogulitsira itatsika. Ukwati wa Pushpa unachitikabe, ngakhale oimba ng'oma anali ochepa ndipo mbuzi zinaphedwa zochepera zimene atate ake analonjeza. Amene anaphika usiku ndi usana osafuna malipiro anali Durma ndi amayi a m'komiti yake.

Chisanu chinadutsa, msewu unakonzedwa, malole anabwerera. Ena ankaganiza kuti Hukam atsekanso mpata uja. Sanatseke. Anachotsa magalasi onse, ndipo khoma lotsalalo analisiya lofika m'mawondo, loti munthu wotopa akhalepo.

Mitengo itachita maluwa, Nirupama anabweranso, akuyenda mosamala ngati wolowa pakhomo pa galu woluma. Boma linali litavomera kuwonjezera malo otetezedwa mpaka kukasupe wa pamwamba pa mudzi, kumene Kothlu yense amamwa. Kasupeyo anali m'kadambo kamene Hukam analandira kwa atate ake, ndipo aliyense ankadziwa kuti munthu wina womanga mahotela wakhala akumuzungulira ndi maswiti ndi malonjezo.

Hukam anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene sanachitepo. Kenako anaitana mkazi wake kuti abweretse tiyi wa mlendo.

"Ndili ndi mawu awiri," anatero. "Muike migolo ya zinyalala, chifukwa anthu anu a makabudula sanaleredwe. Ndipo pakasupepo pasamangidwe kanthu, ngakhale ofesi yanu."

"Ndi zomwe lamulo likunena, bambo. Koma mwaganiza bwino? Wa hotela uja akanakupatsani zambiri kuposa ife."

"Akanandipatsa, ndikanadya, zikanatha. Ine ndakalamba, mwana wanga. Madzi amenewa ndikawasunga ndekha, ndiwasunga mpaka tsiku la maliro anga basi. Ndikawapereka, zidzukulu za Pushpa zidzawapeza. Ndisaine pati?"

Durma, amene anakhala pakakhoma kaja akusenda nandolo, anakweza mutu.

"Nirupama, gwira dzanja lawo msanga asanadzuke. Mwina akulota."

"Alamu, tsiku lina mudzafa ndi pakamwa panupo."

"Ndidzafa, koma mudzandinyamula panjira yabwino."

Hukam anasaina. Lero mukakwera kukasupe wa ku Kothlu mudzapeza madzi ali mbee, ana akumwa ndi manja, ndipo nthawi zina mudzapeza nkhalamba ina ya chipsera m'chikhatho ikukalipira mlendo amene wataya pepala, kenako n'kumupatsa apozi kuti adye m'njira. Chimene munthu wakumbatira chimathera m'manja mwake, koma chimene wapereka kwa anthu chimamudikira kutsogolo, tsiku limene sakuliyembekezera. Akuluakulu sananame: kupatsa n'kuika.