Buku Limene Bambo Anakana

Panali munthu wina wokonza njinga pamsika, amene mkazi wake anamwalira mvula itangoyamba. Anamusiyira mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Tinenenji, wa sitandade 3.

Maliro atatha, mwana uja anatseka pakamwa. Sankalira, sankaseka. Ukamufunsa kanthu ankangogwedeza mutu. Bambo ake nawo analetsa kutchula dzina la malemu m'nyumbamo. Zitenje za malemuwo anazitsekera m'sutikesi, chithunzi chaukwati anachichotsa pakhoma. Mumtima ankati bala likapanda kukhudzidwa limapola msanga.

Koma mwana anayamba kuwonda. Amalume ake atabwera kudzazonda anamuyang'anitsitsa, kenako anaitanira bamboyo kuseri kwa nyumba.

"Alamu, mwanayu akutha," anatero. "Zikapitirira chonchi timutenga akakhale kwawo kwa amayi ake."

Bamboyo ankadziwa kuti akapita mwanayo, sadzatsala ndi munthu woti n'kumubwererera kunyumba.

Ndiye anakumbukira kuti malemu ankakonda kuwerengera mwanayo mabuku Lamulungu masana, akaweruka kutchalitchi. Anaganiza zoyambiranso mwambowo. Anamukweza Tinenenji panjinga, ulendo wa kulaibulale ya pafupi ndi sukulu. Kumeneko bamboyo anasankha mabuku oseketsa okhaokha, a zithunzi zowala, a mbuzi zovala zipewa ndi nkhuku zoyendetsa minibasi.

Mwana uja anasolola lake pashelefu ya m'munsi, kabuku kopyapyala kong'ambika chikuto, n'kuwapatsa bambo ake. Bamboyo atawerenga tsamba loyamba anapeza kuti ndi nkhani ya kamnyamata kamene mayi ake anapita kuchipatala osabwerako. Anatseka msangamsanga.

"Ili ayi, mwanangu. Tenga lina."

Mwanayo anakalibwezera pamalo pake.

Lamulungu lililonse bamboyo ankakhala pakhonde n'kuwerenga mabuku oseketsa aja. Ankalira ngati mbuzi, ankakuwa ngati kondakitala. Ana a oyandikana nawo ankabwera kudzaseka mpaka kugubuduka pansi. Tinenenji yekha ankangojambula pansi ndi kamtengo.

Tsiku lina akubweza mabuku, bamboyo anatembenuka n'kupeza mwana palibe. Anamufunafuna pakati pa mashelefu mpaka anamupeza pakona, atakhala pansi, kabuku kong'ambika kaja kali pamiyendo. Chala chake chinali kuyenda pang'onopang'ono pansi pa mawu, milomo ikugwedezeka. Atangoona bambo ake anadzidzimuka, n'kubisa bukulo kumbuyo ngati wagwidwa akuba.

Bamboyo anaima chilili. Anaona mantha m'maso mwa mwana wake, ndipo anazindikira kuti amene akuopedwayo ndi iye. Anagwada, natambasula dzanja.

"Bweretsa. Tikawerenge kunyumba."

Masana amenewo sanaitane ana ena. Anakhala awiriwiri pamphasa, bamboyo n'kuyamba kuwerenga. Anawerenga za kamnyamata kaja kakudikira pamsewu, kakuyang'ana aliyense wotsika basi. Atafika pamene kanaitana mayi wina wachilendo kuti "amayi" chifukwa kanamuonera kumbuyo, analephera kupitiriza. Anayesa kutsokomola, anayesa kuyambiranso, koma zinakanika. Munthu uja, amene sanagwetse msozi ngakhale kumanda, analira pamaso pa mwana wake.

Tinenenji anatenga bukulo m'manja mwa bambo ake, napitiriza pomwe analekezera. Mawu ake anali osasa, ndipo ankakakamira pa mawu ataliatali, koma anawerenga mpaka tsamba linatha. Kenako anakweza maso.

"Ababa, kodi amayi ankamva kuwawa?"

"Ankamva, mwanangu. Koma chakumapeto anagona tulo, ine nditawagwira dzanja."

"Ananditchula?"

"Anakutchula. Anafunsa ngati unali utadya."

Apo mwana uja anagwera pachifuwa pa bambo ake, nalira kulira kumene anakusunga chimwalirire mayi ake. Bamboyo sanamutonthoze kuti aleke. Anangomugwira.

Sikuti chisoni chinathera pomwepo. Koma kuyambira tsikulo mwanayo anayamba kudya, kufunsa mafunso, ndipo patapita nthawi nazo mbuzi zovala zipewa zinayamba kumuseketsa. Nkhani yomutenga ija inazilala, ndipo mwanayo anakulira pakhomo pa bambo ake.

Inu makolo amene mwakhala pano, mukamasankha buku loti muwerenge ndi ana anu, musamangofunsa ngati liwaseketse. Muziyang'ananso limene dzanja la mwana likufikira, ndipo muyambe mwaliwerenga nokha mpaka kumapeto. Mwina mudzapeza kuti n'losayeneradi msinkhu wake, ndipo mudzamuuza chifukwa chake. Koma mukapeza kuti amene akuliopa ndi inu, khalani pansi muliwerenge naye. Mukamukaniza, adzaliwerengabe, koma ali yekha.