Dotolo Amene Anaika Mpeni Pansi

Panali munthu wina, dotolo wa maopaleshoni, kale lija odwala ankabwera kuchipatala pangolo. Dzanja lake linkatamandidwa m'boma lonse. Iye akadula, bala linkapola.

Tsiku lina anam'bweretsera telala wina, bambo wa ana asanu, ali ndi chilonda pamwendo. Dotoloyo anachitsuka, nachotsa mnofu wakufa, napereka mankhwala opha tizilombo. Chilonda chinakula. Anadulanso. Chinakulanso, m'mphepete mwake muli bii. Pomaliza anati palibe kuchitira mwina, mwendo uchoke.

M'mawa wa opaleshoni, telalayo anati, "Adokotala, umenewutu ndiye wopondera makina. Mukauchotsa, muzidzabwera kudzandipondera ndinu."

Dotolo anaseka. Anayang'anitsitsanso chilondacho. Chinkatsata ndendende momwe munadutsa mpeni wake. Ngakhale pamkono, pamene anabayapo jakisoni, panali patatuluka kachilonda kena.

Omuthandiza pa opaleshoni anali atasamba kale m'manja, akudikira iye. Dotolo uja anaika mpeni pansi.

"Lero sitidula," anatero. "Kandiitanireni anzanga. Mukawauze kuti pano dzanja langa lalephera."

Anabwera. Dotolo wa matenda a pakhungu anati iyi ndi nthenda yosaonekaoneka: thupi limaukira khungu lake lomwe, ndipo kulidula kuli ngati kuthira parafini pamoto. Dotolo wa m'mimba atafunsa bwino, telala anaulula kuti wakhala akutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali. Matumbo nawo anali otupa. Anagwirizana zom'patsa mankhwala oziziritsa ukali wa thupi. Nesi wa mabala ankamanga chilondacho mosamala ngati wanyamula dzira. Wina ankam'phunzitsa kupondanso pansi. Ndipo dotolo wa mpeni uja ankafika m'mawa uliwonse, manja ali kumbuyo.

Panapita miyezi. Telala anabwerera pakhonde la sitolo ndi miyendo yake iwiri, makina nkuyambanso kulira.

Dotoloyo atakalamba, achinyamata ankamufunsa kuti, "Pa maopaleshoni anu onse, amene mumanyadira kwambiri ndi ati?"

Iye ankayankha kuti, "Aja sindinachite aja."

Abale anga, ine ndayenda m'maboma ambiri. Odziwa kugwira mpeni ndawaona ochuluka, koma odziwa kuuika pansi pamaso pa anthu ndi owerengeka. Nanunso muli ndi mpeni wanu umene anthu amakutamandani nawo. Mukaona bala likukulira pomwe mukugwirapo, musaunolenso. Uikeni pansi, muitane anzanu. Mwendowo ndi wa mwiniwake.