Mpando Umodzi wa Amayi m'Nyumba ya Aphungu

Kalekale, misewu isanalambulidwe kumapiri, kunali dziko lotchedwa Mlindangoma, ndipo wolamulira wake anali Mfumu Gwirize. Mfumuyi inayamba bwino, koma itakalamba inasiya kumvera anthu. Chaka china, mvula yodzalira itagwa kale, inalamula kuti amuna onse akaphwanye miyala yomangira nyumba yake yatsopano. Minda inagonera. Chaka chotsatira kunagwa njala, ndipo m'midzi maliro ankachita kudikirana.

Wosula makasu wina, dzina lake Tsokalida, anapita kubwalo la mfumu nagwada. "Mfumu, lolani kuti dera lililonse litumize munthu wake kuno, malamulo tizipangira limodzi. Inu muli kumtunda kuno, zimene zikuchitika kumunsi simukuziona." Tsiku lomwelo anamumanga, ndipo patatha miyezi iwiri anafera m'ndende.

Mkazi wake, Nachisale, anali woumba miphika. Mtembo wa mwamuna wake sanamupatse. Iye anabereka khanda lake kumbuyo, nasenza dengu lopanda kanthu, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Pakhomo lililonse ankanena mawu omwewo: "Ngati mukufuna chimene anafera mwamuna wanga, ponyani kamwala kamodzi m'dengumu." Kulemba sankadziwa, choncho miyalayo ndiyo inali kalata yake. Dengu likadzaza, mayi wina wa m'mudzimo ankalisenza n'kumutsata pambuyo. Atafika m'dera lachisanu ndi chinayi, mwana uja anayamba kutsegula m'mimba, ndipo mawere a mayi wake anali atauma ndi njala. Anatsirizikira kumsana, ali pa ulendo. Amayi anzake anamudandaulira kuti abwerere kwawo akalire bwino, koma iye anati, "Kwathu kulibe wondidikira." Anaika mwanayo m'manda a eni, ndipo m'mawa mwake anasenzanso dengu. Tsiku limene anafika kulikulu, pambuyo pake panali amayi mazana anayi. Anakhuthula miyala ija mpaka muluwo unatseka chipata cha mfumu.

M'nyumba ya mfumu munali mlembi, mayi wotchedwa Dziwenji. Asilikali a dzikolo sankachita kanthu popanda kalata yolembedwa ndi dzanja lake. Kwa zaka khumi ndi zisanu iye ankalemba chilichonse chimene mfumu yanena, ndipo kalata yomangitsa Tsokalida analembanso iye. Mfumu itaona mulu wa miyala uja inamuitana.

"Lemba kuti asilikali awabalalitse ndi mikondo. Wotsalira pachipatapo aphedwe."

Dziwenji anayang'ana pazenera, naona amayi aja atakhala pansi padzuwa, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anaika cholembera pansi. "Mfumu, izi sindilemba."

"Ukudziwa chimene ndikuchite?"

"Ndikudziwa. Ndakhala ndikulembera anzanga zomwezo."

Anamudula dzanja lamanja namuponya m'ndende. Mkulu wa asilikali atamva kuti ngakhale mlembi wakana, anauza anthu ake kuti atsitse mikondo, ndipo amayi onse aja anabwerera kwawo amoyo. M'ndendemo Dziwenji anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Pa mapepala amene alonda ankamupatsa mobisa, analemba m'mene nyumba ya aphungu idzayendere: aphungu akhale angati, asankhidwe bwanji, akhale zaka zingati asanabwerere kwa anthu kukapemphanso chilolezo.

Patapita chaka, Mfumu Gwirize inamwalira. Pa mwambo wa dzikolo, mlongo wa mfumu ndiye ankatchula wolowa ufumu kuchokera mwa ana ake. Mlongo wa Gwirize anali Mwatitha, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, Kaduya, mnyamata wofatsa amene anthu ankamukonda. Kuyambira ali wamng'ono analeredwa podziwa kuti ufumuwo ndi wake. Pa tsiku lolonga ufumu ng'oma zinalira, Kaduya anavekedwa zachifumu, ndipo anthu onse anadikira kuti mayi wake amutchule dzina. Mwatitha anaimirira.

"Ine sinditchula munthu. Tulutsani mlembi uja m'ndende, abwere ndi mapepala ake. Dzikoli lizilamulidwa ndi amene anthu asankha."

Kaduya anayandikira, nalankhula motsitsa mawu. "Amayi, ndinakulakwirani chiyani?"

"Sunandilakwire, mwananga. Amalume akonso sanayambe ali oipa. Ndinawaona ndi maso angawa akusintha, popanda wowaletsa. Sindifuna kudzakuona iwe ukutero."

Kaduya anavula zachifumu zija, naziika pamapazi a mayi wake, n'kuwoloka mtsinje kupita kudziko lina. Mwatitha anatumiza amithenga katatu. Wachitatu anabwera ndi yankho lakuti, "Kawauzeni kuti ine amayi ndilibe." Kuyambira pamenepo sanamuonenso.

Nyumba ya aphungu inamangidwa ndi miyala yomwe amuna aja anaphwanya. Madera onse anasankha anthu awo, ndipo mipando makumi anayi inadzaza ndi amuna okhaokha. Pa tsiku loyamba kukumana, anawerenga mapepala a Dziwenji, ndipo pamene iye analemba kuti "munthu aliyense angathe kukhala phungu," iwo anafafaniza nalembapo kuti "mwamuna aliyense." Amayi anamva zimenezi ataima panja, akusuzumira m'mazenera. Sanachite phokoso. Ankangobwera tsiku ndi tsiku n'kukhala pansi pakhomopo, mpaka aphungu anayamba kulowera khomo la kuseri chifukwa cha manyazi.

Pamapeto pake wapampando wa nyumbayo, bambo Mkwezalamba, anatuluka. "Amayi, tamva. Tawonjezera mpando umodzi. Ukhale wa mmodzi mwa atatu awa: mayi Nachisale, mayi Dziwenji kapena mayi Mwatitha. Mugwirizane nokha. Mukalephera kufikira nthawi yokolola, mpandowo tiuchotsa."

Atatuwo anakumana pakhonde la nyumbayo, khamu la amayi litawazungulira. Aka kanali koyamba kuti akhale pamkeka umodzi.

Anayamba ndi Nachisale, akuyang'ana mkono wa Dziwenji. "Dzanja limene anakudulanilo ndi lomwe linalemba dzina la mwamuna wanga."

"Ndi lomwelo, mayi," anayankha Dziwenji. "Ndinalemba ndine, ndipo sindinafunse n'komwe kuti walakwa chiyani. Palibe tsiku limene sindikumbukira. Koma ndikuuzeni zoona: m'katimo amakangana ndi mapepala. Liwu limodzi lokha analisintha, ndipo tonsefe tili panja. Mukalowa inu, adzakuwerengerani china, pamene papepala palembedwa china."

Nachisale anawerama. "Zoona, kuwerenga sinditha. Koma ndikudziwa makomo onse a dziko lino. Ndikudziwa amene anaika ana angati chaka cha njala chija. Inu mumadziwa dzikoli kudzera pazenera."

 Mayi wina m'khamumo anatembenukira kwa Mwatitha nati, "Nanga inu mayi, simulankhula? Mukanatchula mwana wanu tsiku lija, bwenzi miyala ija ndi mapepala aja zonse zitapita pachabe."

Wina anayankhira kumbuyo, "Koma magazi awo ndi achifumu. Akalowa m'menemo amuna aja aziwagwadira, ndipo ufumu umene tinautulutsa ubwereranso."

Mwatitha anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. "Ine ndinakulira pakati pa anthu olamulira. Ndikudziwa m'mene amanamizira, ndipo ine sangandiopseze. Koma musaganize kuti mpandowo ndikuulakalaka. Atati andibwezere mwana wanga, bwenzi ndakusiyirani lero lomwe." Anatembenukira kwa Nachisale. "Wanu mukudziwa pamene anagona. Wanga ali moyo, koma akuti ine ndinafa."

Nachisale anamugwira dzanja. Dziwenji anasendera pafupi, ndipo atatuwo analira pamodzi nthawi yaitali. Atatonthola, aliyense anafuna kusiyira mnzake, koma amayi owazungulira anakana. Amene anasenza madengu anati mpandowo ndi wa Nachisale. Amene anakhala pachipata tsiku la mikondo anati ndi wa Dziwenji. Amene anaona Kaduya akuvula zachifumu anati ndi wa Mwatitha. Anabalalika osagwirizana, ndipo anakumananso kawiri, koma zinali chimodzimodzi. Chimanga chinayamba kuuma m'minda.

Tsono nkhaniyi ndikuitula kwa inu amene mwamvetsera. Woyamba anasonkhanitsa anthu, nataya mwamuna ndi khanda, koma satha kuwerenga zimene nyumbayo imakambirana. Wachiwiri anapulumutsa amayi mazana anayi ndi kulemba malamulo, nataya dzanja, koma anatumikira nkhanza zaka khumi ndi zisanu. Wachitatu anathetsa ufumu ndi pakamwa pake, nataya mwana wake yekhayo, koma iye mwini ndi wa banja lachifumu. Mpando ndi umodzi, ndipo nthawi yokolola yayandikira. Inuyo mukanakhala pakhonde paja, mukanati alowe ndani?