Khomo Lopanda Nyumba

Iwe Lonjezo, tsika pamenepo, si mpando umenewo! Mwatitha, mgwire dzanja mlongo wakoyo. Minibasi ichedwa iyi, bwerani mumthunzi muno. Mwati khomoli laimiranji lokhalokha popanda nyumba, msewu n'kumalizemba? Tcherani khutu, azakhali anu sindibwereza.

Kalekale, tauni ino isanadziwe phula, munthu sankasochera muno. Misewu inalibe mayina, koma nyumba zinkalozera njira. Ukafunsa ankati, "Mukafika pawotchi mukhotere kumanja, mudutse masitolo a makonde, mukaona khomo lobiriwira mwafika." Wotchiyo inali pansanja ya njerwa zofiira, ikalira inkamveka mpaka kudambo. Makonde a masitolowo anali ogundana, moti mvula ikamagwa unkadutsa tauni yonse osanyowa, matelala ali kalikiliki ndi makina awo. Ha, zinali nyumba zimenezo, osati zamagalasi zothobwa m'masozi!

Khomo lobiriwiralo linali la Nangondo, mayi wogulitsa thobwa. Mwana anali naye mmodzi yekha, Lufeyo, ndipo anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Tsiku lonyamuka mayi ake anati, "Mwanawe, ngakhale udzabwere ndi imvi, udzandipeza pakhomo pano." Zaka zinadutsa, mbiri yake osamveka. Koma mvula ikangotha, Nangondo ankapaka khomolo penti watsopano.

Ndiye kunabwera akuluakulu a mapulani. Anati tauniyi yakhotakhota ngati njira ya mbewa, pakufunika msewu umodzi waukulu wowongoka. Ntchitoyo anapatsa kapitawo wina, a Matewere, munthu wosamva za mnzake. Iwo ankayenda patsogolo ndi chingwe, katapila ili pambuyo, ndipo chilichonse chimene chingwecho chakhudza chinkagwa. Nsanja ya wotchi inagwa, anthu anagwira pakamwa. Makonde anagwa, matelala ananyamula makina pamutu. Kenaka chingwe chinafika kwa Nangondo.

"Mayi, malo takupatsani kutsidya kwa mtsinje," anatero a Matewere. "Sonkhanitsani katundu."

"Lufeyo akukudziwa kutsidyako?"

"Adzafunsa."

"Adzafunsa ndani, bambo? Wotchi mwagwetsa, makonde mwagwetsa, anansi mwawabalalitsa. Chimene mwana wanga angazindikire m'tauni muno ndi khomo lokhali. Mukaligwetsa mwandiphera mwana."

"Munthu wokhalitsa chonchi ku Joni ndi mtchona, mayi. Sabweranso."

Mawu oipa bwanji! Nangondo analira ngati pamaliro. Katapila inagumula zipupa zakumbuyo, inagumula zam'mbali ndi zakumaso, koma dzuwa linalowa isanafike pakhomo penipenipo. A Matewere anati khomolo adzathana nalo mawa.

Tsono tamverani. M'mawa mwake apongozi awo a Matewere, a Nachisale, anatsika basi kuchokera kumudzi kudzaona mdzukulu wobadwa kumene, dengu la ufa lili pamutu. Njira ankaidziwa bwino: pawotchi kumanja, kudutsa makonde. Kuyang'ana uku, wotchi kulibe. Kuyang'ana uko, fumbi lokhalokha. Anazungulira mpaka miyendo kutupa. Mwamwayi anaona chinthu chimodzi chimene ankachidziwa, khomo lobiriwira, ndipo anakatula dengu n'kukhala pakhomopo. Nangondo anawapatsa thobwa, nawafotokozera zonse misozi ili chuchuchu.

Posakhalitsa katapila ija inatulukira, a Matewere ali patsogolo ndi chingwe chawo. Atakweza maso, mayo ine, apongozi!

Usaseke, Lonjezo. Inu a masiku ano mumagwirana chanza ndi apongozi ngati anzanu a mpira. Nthawi imeneyo mkamwini sankayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Akawaona akubwera m'njira ankapatukira kutchire, kaya kuli minga kaya kuli chitedze. Kuyankhulana kwake kunali kodzera mwa munthu wina.

"Bwana, ndikawachotse agogowo?" anafunsa woyendetsa katapila.

"Uwakhudze apongozi anga? Wapenga?"

A Nachisale anatembenuzira nkhope kumbali, nayankhula mokweza ngati akuuza Nangondo. "Auzeni akamwini kuti ine ndatopa. Andisocheretsa m'tauni ya mwana wanga yemwe. Ndidzuka pano mwana wa mayiwa akabwera."

A Matewere anaima, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo akuluakulu akufuna msewu wowongoka, kutsogolo kuli mayi amene anawaberekera mkazi. Akanakakamira, tauni yonse ikanawaloza chala mpaka kumanda. Anavula chipewa, anawerama, n'kupatuka monga anaphunzitsidwira, chingwe chili m'manja. Nanga katapila imadziwa chiyani? Inangotsatira chingwe, n'kukumba msewu mozungulira khomo.

Akuluakulu aja atabwera anapeza msewu wakumbidwa kale, miyala yathiridwa. Anakalipa, anakalipa, koma wofuna kuyambiranso panalibe. Mapeto ake anayamba kuuza anthu kuti kukhotako anakonza dala kuti magalimoto azichepetsa liwiro. Anthu ophunzira sasowa chonena! A Nachisale nawo sanagone pakhomopo ayi, madzulo ake anali atanyamula kale mdzukulu. Nangondo anakana zakutsidya, anangomanga kachisakasa kuseri kwa khomo lake.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Tsiku lina masana m'basi munatsika bambo wa ndevu zaimvi, sutikesi ili m'manja, akutsokomola. Anafuna wotchi, sanaipeze. Anafunsa za makonde, anyamata anamuseka. Anaganiza kuti watsika tauni yolakwika, kapena onse akwawo anatha, ndipo anatembenuka kuti abwerere kudepoti. Pokhota msewu paja, diso lake linagwera pa chinthu chobiriwira.

Akanatha kungozungulira, poti chipupa panalibe. Koma anaika sutikesi pansi, nagogoda.

"Odi kuno."

Nangondo mawuwo anawadziwa asanatsekule. Anangokhala pansi akuseka ndi kulira pamodzi. "Lowa, Lufeyo. Lowera pakhomo, mwanawe, ndakusungira."

Ine ndikafika pamenepa mtima umakhala pansi, ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Ndi chifukwa chake lero khomoli laima lokha, adzukulu a Lufeyo akulipakabe penti mvula ikatha, ndipo makondakitala amakuwa kuti "Pakhomo, otsika!" Nayo minibasi yathu, tolani zikwama. Taonani mmene ikupatukira. Pano ngakhale galimoto ya bwana imadutsa ngati mkamwini.