Thanki ya ku Maraki

Mpopi wa pabwalo la tchalitchi ku Maraki unali utatha zaka ziwiri osatulutsa ngakhale dontho. Thanki yake ya simenti, imene boma la chigawo linamanga kalekale, inang'ambika m'munsi tsiku la chivomezi. Kuyambira pamenepo mvula ikagwa, madzi ankalowera pamwamba n'kutulukira pansi osatsanzika. Nkhuku zinayamba kuikira mazira patsinde pa mpopiwo. Amayi ankatsika phiri kukatunga pa kasupe wa kugombe wa madzi amchere pang'ono, amene amaoneka nyanja ikaphwa basi, n'kukweranso ndi zigubu kumsana.

Wapampando wa komiti ya madzi anali a Kaltang, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale kumunda wa chilazi ankapita malaya atasita. Sanali waulesi kapena wouma mtima. Nthenda yawo inali imodzi: sankafuna kuti munthu wakunja aone chigamba cha mudzi wawo. Makalata odandaula opita ku boma la chigawo ankalemba ndi akazi awo, a Leimara. A Kaltang ankangosayina, koma asanatero ankayamba achotsa mawu onse okhala ndi minga. Kalata yochoka m'manja mwa a Leimara ikuluma inkafika ku ofesi itaguluka mano onse.

Komabe kalata yachisanu ndi chiwiri inayankhidwa. Boma linati chaka chimenecho chilumba chonse chilandira thanki imodzi yatsopano, ndipo ipita ku mudzi wovutikitsitsa. Mkulu woona za madzi, a Tabi, adzabwera pa boti Lachinayi kudzaona ndi maso awo. Adzayambira ku Maraki n'kumalizira ku Siloa, mudzi wa kuseri kwa phiri.

Ku Siloa n'kumene a Leimara anabadwira, ndipo mchimwene wawo Toara ndiye anali wapampando wa madzi kumeneko. Midzi iwiriyi inkapikisana pa chilichonse, kuyambira kwaya mpaka kukula kwa nkhumba. Lamlungu Toara anatulukira akutafuna nzimbe, n'kupeza a Kaltang atakhala pakhonde.

“Alamu, ndamva kuti kukubwera bwana kudzayendera umphawi wanu. Musambe ndithu. Kaya ndi madzi ake ati.”

“Inu mumulandira ndi chiyani?” anafunsa a Kaltang. “Kwanu kulibe ndi mpando wa miyendo inayi womwe.”

“Akhala pansi. Matako ali nawo.”

“Anthu a ku Siloa manyazi munawaiwala m'mimba mwa amayi anu.”

Toara anangoseka n'kulavula makoko a nzimbe. Koma mawu ake anatsala akuyabwa a Kaltang ngati chitedze. Ku Maraki mlendo amadya laplap, chilazi chopala chophikidwa m'masamba pa miyala yamoto, ndipo amadya ndi manja. Asanadye amasamba m'manja pamaso pa anthu onse. Kodi munthu wa boma adzamuthirire madzi a kugombe, amchere aja, kuchokera m'chigubu chakale cha mafuta? Mpopi wouma uli potero, nkhuku itaufungatira? Bambo awo a Kaltang analandirapo akuluakulu ambiri pabwalo lomwelo, ndipo palibe amene anabwerera akupukusa mutu.

Lolemba a Kaltang anaitanitsa komiti n'kulamula kuti ming'alu ya thanki imatidwe ndi utomoni womatira mabwato, wosakaniza ndi ulusi wa makoko a kokonati. Akatero athiremo madzi ongokwanira kuti mlendo asambe m'manja. Amuna onse anavomera, chifukwa nawonso anali atamva kuti ku Siloa akuseka.

A Leimara anamva nkhaniyi akupala chilazi, ndipo anaika chopalira pansi.

“Bambo a Rosi, munthu wopita kwa dokotala amavala sokosi pachilonda?”

“Sitikubisa kanthu. Tikulemekeza mlendo.”

“Ndiye adzaona chiyani?”

“Adzamva. Ndidzanena ndine, akadya. Mlendo wanjala sapemphedwa kanthu, mwambo mukuudziwa.”

“Zaka ziwiri ndikulemba kuti thanki ndi yakufa. Lero inu mukuidzoza mafuta kuti ikavine.”

A Kaltang anatembenukira kunyanja. Umu ndi mmene ankachitira akafuna kupambana mkangano.

Masiku atatu mudzi wonse unali pa mzere, kuchokera kugombe mpaka pa tchalitchi. Amuna nawonso anasenza, ndipo a Leimara anati aka kanali koyamba kuti ena a iwo adziwe kumene kasupe ali. Madzi ongosambira m'manja aja anakula. A Kaltang anaona kuti mpopi ukungodontha ngati mphuno ya chimfine, ndipo anati awonjezere, pakuti mpopi wa ku Maraki sungatuluke mwamantha pamaso pa boma. Anawonjezera mpaka thanki inafika pakati. Kenako anaipaka laimu, anasesa bwalo, anathamangitsa nkhuku, n'kudzala maluwa m'mbali mwake. Pofika Lachitatu madzulo inkawala ngati mkwatibwi.

A Tabi anafika m'mawa, munthu wowonda wofatsa, nkhope itatuwa chifukwa cha mafunde. Asanaponde bwino mchenga anali atavekedwa kale nkhata ya maluwa m'khosi, magitala akulira. Anawakweza phiri ndi nyimbo. Pabwalo anapempha kuti aone kaye thanki. Anaizungulira, anaigogoda, kenako anapotokola mpopi. Madzi anatuluka mwaukali mpaka kuwanyowetsa nsapato. Anthu anaomba m'manja, ndipo a Kaltang anatukula chifuwa osadziwa. A Tabi anatulutsa foni n'kuwajambula ataima pomwepo.

“Koma makalata aja ankanena kuti…” anayamba a Tabi, akufunyulula pepala lawo.

“Zimenezo tikamba mukadya, bwana. Chakudya chikuzizira.”

A Leimara anali chapafupi ndi mtolo wa makalata m'dengu. Anasuntha phazi kuti alankhule, koma abusa anali atakweza kale dzanja, ndipo pemphero la abusa a ku Maraki silidulidwa. Litatha, laplap anafukulidwa, nkhumba inagawidwa, mlendo anadya mpaka kumasula lamba. Ndiye panayamba zolankhula. Abusa analankhula za Nowa. Mphunzitsi wamkulu analankhula za mbiri ya sukulu. Kwaya ya amayi inaimba nyimbo zitatu, ndipo itamva kuti ya ku Siloa yakonza zinayi, inawonjezera ziwiri. Mlendo anapatsidwa mkeka woluka, n'kuyenera kuthokoza. A Kaltang, monga wapampando, anali omaliza. Anali atalemba masamba atatu. Loyamba linali la malonje, lachiwiri loyamika boma, ndipo choonadi chonse cha thanki chinali pa lachitatu.

Ali pakati pa tsamba lachiwiri, woyendetsa boti anakwera phiri akuthamanga. Anati nyanja ikuphwa, ndipo akapanda kunyamuka nthawi yomweyo boti silidutsa pa matanthwe, ku Siloa safikako. A Tabi anapepesa, anapinda mkeka wawo m'khwapa, n'kutsetsereka. Mudzi wonse unawaperekeza.

Pagombe a Leimara anakoka malaya a amuna awo.

“Nenani pano. Sanalize injini.”

“Pamchenga? Ngati ndikutsatsa nsomba?”

“Ndiye ndinene ine.”

“Mundichititsa manyazi pamaso pa boma. Munthuyu ndi wophunzira, makalata anawerenga. Akudziwa.”

Injini inalira. A Kaltang anapinda masamba awo atatu, anawaika m'thumba, n'kukweza dzanja kutsanzika mwaulemu mpaka boti linakhota.

Zimene zinachitika ku Siloa zinamveka tsiku lotsatira. Toara anakhazika a Tabi pa bwato lovundikira n'kuwapatsa kokonati mmodzi. Kunalibe nyimbo, kunalibe nkhumba. Amayi anawagwira dzanja kupita nawo pa chitsime chawo, anatunga m'chikho, n'kuimirira mowazungulira mpaka atalawa. A Tabi analavula. Aliyense pachilumbapo ankadziwa kuti thanki ya ku Siloa inali ndi moyo, kungoti mipaipi yake yapadenga inali itadyeka ndi dzimbiri. Koma tsiku limenelo palibe amene anaipukuta ngakhale ndere.

Utomoni wa ku Maraki unagwira mpaka Loweruka. M'mawa mwake bwalo la tchalitchi linali matope okhaokha, ndipo anthu analowa m'mapemphero atanyamula nsapato m'manja.

Patatha mwezi kalata inafika. A Leimara anaiwerenga mokweza pabwalo, kawiri, kuti ogontha nawonso amve. Boma la chigawo linkayamikira anthu a ku Maraki chifukwa chokonza okha thanki yawo osadikira thandizo, ndipo linkapempha midzi ina kuti itengere chitsanzo. Thanki yatsopano ipita ku Siloa. Amuna a komiti aja anayamba kuyang'ana zala zakumapazi. Mmodzi anati iye anakayika kuyambira pachiyambi.

A Kaltang anasita malaya n'kukwera sitima ya katundu kupita ku tauni. Ku ofesi a Tabi anawalandira ndi manja awiri, anawakokera mpando, n'kuwalozera pakhoma. Panali chithunzi chachikulu: thanki yoyera, madzi akuthovoka, ndi a Kaltang akumwetulira pambali pake. Pansi pake panalembedwa za midzi yodzidalira. A Kaltang anachiyang'ana nthawi yaitali. Mawu amene anakanika pagombe anatuluka tsopano, olemera ngati mwala.

“Madzi aja tinachita kuthira, bwana. Ndi zigubu.”

A Tabi anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Ataona nkhope ya mlendo wawo, anasiya.

“Masiku angati?”

“Atatu.”

“Kuti ine ndisambe m'manja?”

A Kaltang anagwedeza mutu kuvomera.

A Tabi anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anafotokoza modekha kuti iwo amalemba zimene aona, kuti khonsolo inakhala kale pansi n'kuvomereza, ndipo thankiyo inali itachoka kale m'nyumba yosungira katundu. Anati makalata a ku Maraki anawakhulupirira, ndipo pobwera paja mumtima anali atapereka kale thankiyo kwa iwo, mpaka pamene mpopi unawanyowetsa nsapato. Chimene chikanatheka tsopano n'kulembanso kalata ina, kuti mudziwo ulowe pa mndandanda wa chaka chamawa, ngati chaka chamawa kudzakhale thanki.

Powaperekeza pakhomo anawagwira paphewa. “Ndikadzabweranso, bambo, musadzandiphikire.”

Sitima yobwerera inali yomwe ija. Pamwamba pake, itamangidwa ndi zingwe, panali thanki yaikulu yobiriwira yolembedwa Siloa ndi choko. Dzuwa linali loswa mtengo ndipo mthunzi wina panalibe. A Kaltang anakhala mumthunzi mwake ulendo wonse.

Ku Siloa thankiyo inamwa mvula yomaliza n'kudzaza. Kenako chilimwe chinabwera chouma kuposa zaka zonse, ndipo kasupe wa kugombe anasanduka mchere weniweni, woti ngakhale tiyi ankakana. Madzi akumwa anatsala ku Siloa kokha. Amayi a ku Maraki anagwirizana kuti kukapempha kumeneko si ntchito yawo. A Leimara anatula zigubu ziwiri pamapazi pa amuna awo.

“Ndi mchimwene wanu,” anatero a Kaltang. “Mukapita inu zikhala zosavuta.”

“Wapampando ndinu. Ine ndimangolemba makalata.”

Anadutsa phiri dzuwa lili pamutu, kuti mwina apeza anthu ali kuminda. Anapeza Siloa yense atakhala pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi thanki. Toara anadzuka pang'onopang'ono, n'kuvula chipewa mwaulemu wonyanya.

“Alamu, takulandirani. Mwabwera kudzatiphunzitsa kudzidalira? Tamva kuti chithunzi chanu chili ku boma.”

“Ndabwera kudzapempha madzi.”

“Simunamveke bwino. Amayi akumbuyoko sanamve.”

A Kaltang anakweza mawu. “Ku Maraki kulibe madzi. Thanki yathu ndi yakufa. Ndikupempha.”

Toara anawayang'ana, ndipo chipongwe chinamuthera pang'ono, pakuti m'nyumba ya munthuyu munali mlongo wake. Anawalandira chigubu chimodzi n'kuchiika yekha pansi pa mpopi.

“Tungani, alamu. Mawa mubwerenso, ndi anzanu a komiti. Koma muzibwera m'mawa, mzere umatalika.”

Anabwera mawa lake, ndi mkuja, mpaka mvula inagwa. Munthu amene anakana kuti mlendo mmodzi aone mpopi wouma kwa ola limodzi anadutsa pakati pa mudzi wa apongozi ake miyezi itatu, zigubu zili m'manja, malaya ositasita atanyowa thukuta. Kalata yachisanu ndi chitatu a Leimara atailemba, a Kaltang anaiwerenga yonse, minga ndi mano omwe, n'kusayina osachotsa liwu ndi limodzi lomwe. Koma mndandanda wa chaka chimenecho unali utatsekedwa kale.

Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi idafera kuuna.