Pumbwa Wapampando ndi Minga ya M'phiri

Ine Pumbwa ndinali wapampando wa komiti yoteteza zomera m'phiri lathu, ndipo Nguluwe sindinkafuna n'kumuona komwe. Phirilo n'lotetezedwa, munthu sadulamo mtengo kapena kuotchamo makala. Muli mikungudza, chinaka, ndere, ndi timaluwa tina toti ngakhale Njuchi sadziwa mayina ake. Mpandowo anandipatsira pakamwa basi, poti ine ndikayamba kulankhula sindipuma.

Chaka china kunabuka chitsamba chachilendo chaminga, chomwe chinayanga n'kuyamba kupha timaluwa tija. Ndinaitanitsa msonkhano, n'kutera pamwala monga mwa nthawi zonse.

"Wadzala minga imeneyi ndani?" ndinakuwa. "Amene amangokhalira kukumba m'phiri muno tikumudziwa!"

"Apampando, ine ndimakumba mizu yoti ndidye," anatero Nguluwe. "Zodzalazo sindizidziwa."

"Ukawafotokozere agalu akumudzi," ndinamudula.

Tinamupirikitsira kumunsi, kumene kuli misampha ya waya. Tsiku limenelo ndinadzimva utsogoleri mpaka kunthenga za kumchira.

Koma minga sinasiye kumera. Ndinachulukitsa misonkhano, lero pamwala uwu, mawa pamwala uwo, nayonso minga inkangochuluka. Kenaka Nanzikambe, amene anayenda masiku atatu kuti apezeke pamsonkhano, anakweza kadzanja kake.

"Pepani apampando, kodi m'mawa mumakadya kuti?"

"Kumunsi, m'mbali mwa minda ya anthu. Kuli tizipatso tachikasu tokoma zedi."

"Timabereka pa chiyani?"

"Pa chitsamba cha..." Ndinatsokomola.

"Nanga mukakhuta, mumadzithandizira pati?"

Diso lake limodzi linali pa ine, linalo pansi pa mwala. Nditasuzumira ndinaona zitosi zanga zili mbwee, njere zokhazokha, zina zitaphuka kale. Mwala uliwonse umene ndinalalikirapo zoteteza phiri unali utazingidwa ndi minga. Manyazi anandigwira.

Choipa kwambiri n'chakuti mizu ya mingayo panalibe woikumba, kupatula amene tinam'thamangitsa uja. Ndinauluka ndekha kukamufuna. Ndinam'peza m'bango akutsimphina, waya atam'dya mwendo, khutu limodzi agalu atalinyotsola.

"Achimwene, ndinakulakwirani," ndinatero, mutu uli pansi. "Wodzala uja ndine."

"Ndikakumba," anayankha Nguluwe, "koma chifukwa cha timaluwa, osati inu. Ndipo mukadya kumunsi kuno, muzimalizira konkuno zonse musanakwere."

Anakumba nyengo ziwiri zathunthu. Timaluwa tambiri tinabwerera, koma kamtundu kena kofiirira, komwe kankamera pansi pa mwala wanga waukulu wokha, sitinakaonenso. Mpando anaupereka kwa Nanzikambe. Nguluwe akamadutsa ndi khutu lake lodukalo, ine ndimayang'ana kumbali ngati ndikufuna ziwala.

Phunziro: Usanaloze mnzako kuti ndiye akuononga, yamba wasuzumira pansi pa mwala umene wakhalapo.